Fury sanagwe pansi, nanga woyimbira anamuwerengera chifukwa chiyani?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Chinkhoma, m'boma la Kasungu. Akuti: "Ine ndi alamu anga tinaonera nkhonya yoyamba ya Tyson Fury ndi Oleksandr Usyk pa vidiyo sho ya kwathu kuno, ndipo tinabetcherana tambala, wamoyo osati wa ndalama. Mpaka lero sindinapereke chifukwa ndikuona kuti Fury anamubera. Sanagwe pansi koma anamuwerengera, pomwe maraundi a pakati ankamuseweretsa Usyk ngati mwana. Alamu akuti woyimbira ndiye anamupulumutsa Fury, nkhonya inayenera kuthera pomwepo. Komanso zimatheka bwanji majaji atatu kuona nkhonya imodzi n'kulemba zosiyana? Tiweruzeni."

Achimwene, tambalayo kaperekeni. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti musawerenge mpaka kumapeto muli ndi chiyembekezo. Koma alamu anu asanole mpeni monyada, chifukwa pa nkhani ya woyimbira nawonso aphonya, ndipo chodabwitsa n'chakuti nonse awiri mwapunthwa pa mwala umodzi.

Nkhonyayi inachitika pa 18 Meyi 2024 mu Kingdom Arena, mumzinda wa Riyadh ku Saudi Arabia. Kuno unali usiku kwambiri, msika wa fodya uli mkati, ndiye ndikudziwa mmene holo yanuyo inadzazira ndi anthu a majekete, ndalama za mabelo zili m'thumba. Usyk wa ku Ukraine anabwera ndi malamba atatu a mabungwe oyendetsa nkhonya pa dziko lonse, a WBA, IBF ndi WBO, amene analanda kwa Anthony Joshua mu Seputembala 2021. Fury wa ku England anali ndi wa bungwe lachinayi, la WBC, amene analanda kwa Deontay Wilder mu Febuluwale 2020. Chichokereni Novembala 1999, pamene Lennox Lewis anagonjetsa Evander Holyfield, gulu la zimphona, la ankhonya olemera kwambiri, linali lisanakhalenso ndi mfumu imodzi yosatsutsika yosunga malamba onse. N'chifukwa chake anthu sanagone.

Chimene chimatisokoneza ife oonera, ine ndemwe ndisanakhalepo pa mpando wa jaji, ndi ichi. Timaona nkhonya ngati ndewu imodzi yaitali, ndipo pamapeto timafunsa kuti wathidzimula mnzake kwambiri ndani. Jaji saloledwa kuganiza choncho. Kwa iye pali tinkhonya 12 ta mphindi zitatuzitatu, kalikonse koima pakokha. Belu likalira amalemba amene watenga raundiyo, kapepalako amakatolera nthawi yomweyo, ndipo sangakaitanitsenso kuti asinthe maganizo. Wopambana raundi amapatsidwa 10, wogonja 9. Ukagwetsedwa umachotsedwa pointi ina, ndiye raundi imakhala 10 kwa 8. Inu a ku Chinkhoma izi simungavutike nazo: pa okushoni belo lililonse limatsegulidwa palokha, ndipo belo lokongola la dzulo silikweza mtengo wa belo lankhungu la lero. Kungoti mu nkhonya mtengo umakhala umodzi. Raundi imene mwamuvinitsa mnzanu mpaka holo yonse kuimirira ndi 10 kwa 9. Raundi imene mnzanuyo wakupitirirani ndi zibakera ziwiri zokha ndi 10 kwa 9 yomweyo.

Zimene munaona pakati paja n'zoona, sindikutsutsani. Mu raundi ya 5, ya 6 ndi ya 7 Fury anasewera nkhonya yapamwamba zedi. Ankabwerera m'mbuyo akutosa ndi dzanja lakutsogolo, Usyk akati alowe ankamulandira ndi chamanja cha m'mimba, ndipo mu ya 6 chibakera chochokera pansi chinamupeza Usyk mpaka anabwerera m'mbuyo, zimene sitiziona kawirikawiri. Majaji onse atatu anapatsa Fury maraundi atatuwo, n'kumupatsanso ya 12. Palibe anamumana zake. Koma maraundi atatu ndi mapointi atatu basi, ndipo Usyk anawabweza motsatizana mu ya 8, ya 9 ndi ya 10, n'kuikapo chiwongoladzanja. Zoika manja kumbuyo zija, zoyedzamira zingwe pakona uku akugwedeza mutu, zimasangalatsa holo koma pa kapepala palibe pozilemba. Jaji amayang'ana zibakera zofika bwinobwino pa malo ololedwa, kupita kutsogolo kumene kukubala kanthu, amene akulamula kumene nkhonya ichitikire m'bwalomo, ndi luso la kuzinda ndi kutchinga. Mwa zonsezi chachikulu ndi choyambacho.

Tsopano tengani cholembera, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu akatenga maraundi 7 mwa 12 popanda wogwa, kapepala kamati 115 kwa 113. Akagawana 6 ndi 6 kamati 114 kwa 114. Usiku umenewo Manuel Oliver Palomo wa ku Spain analemba 115 kwa 112 mokomera Usyk. Mike Fitzgerald wa ku America analemba 114 kwa 113 mokomera Usyk. Craig Metcalfe wa ku Canada analemba 114 kwa 113 mokomera Fury. M'bwezereni Fury pointi imene anachotsedwa mu raundi ya 9 muone. Palomo akhala pa 115 kwa 113, Usyk maraundi 7. Metcalfe akhala pa 115 kwa 113, Fury maraundi 7. Fitzgerald akhala pa 114 kwa 114. Ndiye kuti popanda pointi imodzi ija nkhonya ikanatha mofanana mphamvu, aliyense n'kubwerera kwawo ndi malamba ake, tambala wanu n'kufa ndi ukalamba. Kuwerenga komwe alamu akuti kunamupulumutsa Fury ndi komweko kumene kunamuchotsa lamba m'chiuno. Ndisabise, jaji ali ndi ufulu wolemba 10 kwa 8 ngakhale popanda wogwa ngati wina wamenyedwa mopitirira muyeso, ndipo raundi imeneyo ikanatha kuyenera. Koma kuwerenga kwa woyimbira kunachotsa chikaiko chonse, onse atatu analemba 10 kwa 8.

Ndiye funso lanu lalikulu: munthu wosagwa pansi amamuwerengera bwanji? Lamulo silinena kuti kugwa ndi kugona chagada kokha. Munthu wagwa ngati, chifukwa cha chibakera, chiwalo china chilichonse kupatula mapazi chakhudza pansi, kaya bondo kaya golovesi. Wagwanso ngati zingwe zokha ndizo zamuletsa kufika pansi. Bwererani pa kanemayo muone masekondi pafupifupi 30 omaliza a raundi ya 9. Chamanzere cha Usyk chinamupeza Fury ali pafupi ndi zingwe, ndipo miyendo inamukana pomwepo. Anayamba kudzandira ngati munthu wochokera ku kachasu, kuchoka chingwe ichi kukagwera icho, manja osatchinganso nkhope, Usyk akumutsata ndi zibakera zopitirira 10 iye osabwezera ngakhale chimodzi. Pomaliza anakakhalira zingwe chapakona, thupi lonse litatsamira pamenepo. Chotsani zingwezo m'maganizo mwanu. Munthuyo akanakagwera pa matebulo a kunja kwa bwalo. Woyimbira Mark Nelson anaona zomwezo, analowa pakati, anawerenga mpaka 8 monga lamulo limanenera, ndipo atangomaliza belu linalira.

Pali china chimene anthu ambiri sachidziwa. Pa nkhonya za achinyamata zosalipidwa timaloledwa kuwerengera mwana amene wangozunguzika ali chiimire, kuti apezeko mpweya. Pa nkhonya za malamba ngati iyi kuwerenga kotero kulibe. Nelson anali ndi njira zitatu zokha: kuwasiya apitirize, kuimitsa nkhonya yonse, kapena kugamula kuti zingwe zamugwira ndiye wagwa. Njira yoyamba ikanakhala nkhanza, chifukwa chibakera chotsatira chikanapeza munthu wosadziteteza. Zenizeni zinali ziwiri zotsalazo.

Alamu anu akuti akanaimitsa. Akanatero sindikanamudzudzula, ndipo oyimbira ambiri aimitsapo nkhonya pa zinthu zochepa kuposa zija. Akanakhala mnyamata wanga wa ku jimu, akusewera mu holo ya pa boma kumene chipatala chokhoza kuona za m'mutu chili kutali, thaulo ndikanaponya ndisanaganize kawiri. Masewerowa amapha. Maraundi a nkhonya za malamba anatsika kuchoka pa 15 kufika pa 12 pambuyo pa imfa ya Duk Koo Kim wa ku South Korea, amene anamwalira atamenyana ndi Ray Mancini mu 1982. Koma woyimbira amaganiziranso munthu amene ali patsogolo pake. Fury ndi uja mu Disembala 2018, ku Los Angeles, Wilder anamugoneka chagada mu raundi ya 12, tonse tinati watha, iye n'kudzuka n'kumaliza raundi akumenya. Analinso asanagonjepo chiyambireni nkhonya zolipidwa, ndipo raundi inali kumapeto. Zimene zinatsatira zikumuikira kumbuyo Nelson: munthu amene alamu akuti anali atatheratu anabwerera, anasewera maraundi ena atatu, n'kutenga womaliza kwa majaji onse. Choncho pasakhale wonena kuti woyimbirayo anagulidwa. Woyimbira wogulidwa ndi mbali ya Fury sakanagamula kugwa kumene kunachotsa pointi yopambanitsa, ndipo wogulidwa ndi mbali ya Usyk akanangokweza manja n'kuthetsa nkhonya.

Za kusiyana kwa majaji, poyamba onani kuti anagwirizana pa maraundi ambiri. Anasiyana pa maraundi ozizira a kumayambiriro ndi pa ya 11, aja amene pa vidiyo sho anthu amakhala akutumiza ana kukagula mtedza. Majaji amakhala mbali zitatu zosiyana za bwalo, m'munsi, maso ali pa msinkhu wa mawondo a osewera. Alibe kanema wobwereza, alibe wothirira ndemanga wowauza chimene chachitika. Chibakera chimene wina wachiona chikufika pachibwano, mnzake wangoona msana wa munthu.

Ndinazilawa ndekha. Chaka china ndinakhala jaji pa nkhonya ya maraundi 6 mu holo ina kuno m'chigawo chapakati. Mmodzi anali mwana wa pakhomo, ndipo akangotambasula mkono holo yonse inkaphulika, ena akumenya mabenchi. Mu raundi yachinayi anamupanikiza mlendo pa zingwe za mbali ya kutali ndi ine n'kumuthira zibakera zotsatizana. Ndinamva phokoso la magolovesi, ndinamva anthu, ndinalemba 10 kwa 9. M'mawa mwake munthu wina anandionetsa kanema wa pafoni wojambulidwa kuchokera mbali inayo. Ndinachita manyazi. Pafupifupi zonse zinathera pa zigongono ndi pa magolovesi, pomwe mlendoyo anali akulowetsa tizibakera tifupitifupi ta m'nthiti timene msana wa mwana wa pakhomo unandibisira. Palibe anandipatsa ndalama tsiku limenelo. Ndinangokhala pa mpando wolakwika ndi makutu otsegula.

Ife Amalawi nkhani yotere tinaimva kuwawa mu Malichi 2013, pamene Isaac Chilemba anakamenyana ndi Tony Bellew kwawo kwa Bellew ku Liverpool. Jaji wina anapatsa Chilemba, wina Bellew, wachitatu anati afanana. Ambiri tinakuwa kuti mwana wathu amubera, ine ndinali nawo. Kubera kulipo m'masewerowa, sindingakunamizeni. Koma ndinaphunzira kusunga liwu limeneli kuti ndizilitchula pamene munthu watenga maraundi 9 oonekeratu n'kumugonjetsa. Nkhonya ya 7 kwa 5 kapena 6 kwa 6 imatha kugwera uku kapena uko popanda wakuba aliyense.

Dzina la Bellew landikumbutsa chinthu chimene simunafunse koma chili pansi pa mkwiyo wanu: zatheka bwanji kamunthu kugonjetsa chimphona? Pa sikelo Fury anali ndi makilogalamu pafupifupi 119, Usyk 101. Kusiyana kwake ndi pafupifupi ndowa ya chimanga. Msinkhu wolembedwa wa Fury ndi masentimita 206, wa Usyk 191, kusiyana theka la rula ya kusukulu. Usyk ndiye analinso wamkulu pa zaka, 37 kwa 35. Koma funsani Bellew yemweyo. Mu Novembala 2018 ku Manchester ankatsogola pa mapepala a majaji awiri, akuoneka ngati wamupeza Usyk, kenako mu raundi ya 8 anapezeka ali pansi. Umu ndi mmene Usyk amasewerera. Amakubwereka maraundi a pakati, iwe n'kumasangalala, osadziwa kuti ukulipira ndi mpweya.

Mukamaonanso kanemayo, kwa raundi imodzi yokha siyani kuyang'ana manja, yang'anani mapazi. Usyk ndi wamanzere, amaima mwendo wamanja uli kutsogolo. Phazi lake lakutsogolo limangosaka kukaponda kunja kwa phazi lakutsogolo la mnzake, ndipo likafika pamenepo chamanzere chake chimakhala pa mzere wolunjika pamimba ndi pamphuno. Dzanja lake lamanja silikhala phee, limangogwedera, kunamizira, kugogoda golovesi ya mnzake. Mutu nawo sukhala malo amodzi. Kunamizira kulikonse kumakakamiza mnzakeyo kuchitapo kanthu, kusuntha phazi, kukweza mkono, kukhwimitsa mimba, ndipo kwa munthu wa makilogalamu 119 chilichonse mwa izi chimadya mafuta. Lole yodzaza mabelo ndi njinga yamoto zikhoza kuthamanga limodzi pa msewu wosalala, koma ziuzeni ziziima ndi kunyamuka pa mamita khumi aliwonse kwa mphindi 36 muone imene iyambe kufuka utsi.

Fury amadziwa mankhwala a anthu ang'onoang'ono: kuwakumbatira n'kuwatsamira ndi thupi lonse mpaka miyendo yawo ilemere, monga anachitira ndi Wilder mu 2020. Kwa Usyk sizinatheke kwenikweni, chifukwa Usyk sakhala pamalo pomwe wamenyera, amatulukira chammbali. Choncho kuyambira raundi yoyamba amene anali pakati pa bwalo anali wamng'onoyo, chimphona chikuzungulira m'mbali mwa zingwe. Ngakhale m'maraundi amene Fury ankapambana, liwiro la nkhonya ankalamula ndi Usyk. Mu ya 8 chamanzere chinafika pamphuno, Fury anayamba kuigwiragwira, magazi anatuluka, ndipo munthu wa magazi m'mphuno amapumira pakamwa. Chibakera cha mu raundi ya 9 sichinagwe kuchokera kumwamba ngati mphezi. Chinapeza munthu amene mapazi ake anali atachedwa kale pang'ono, ndipo pa msinkhu umenewu pang'ono pomwepo ndi pokwanira. Owerenga zibakera a CompuBox anapeza kuti Fury anaponya 496 n'kufikitsa 157, Usyk anaponya 407 n'kufikitsa 170. Majaji saona manambala amenewa polemba, ndipo ine sindiwakhulupirira ngati Baibulo chifukwa amawerenganso ndi anthu, koma akukuuzani kuti nkhonyayi inali yoyandikana ndipo wolasa bwino anali Usyk.

Atangomva chigamulo Fury ananena kuti wapambana ndi iye, ndipo kuti anthu akukondera Usyk chifukwa dziko lake lili pa nkhondo. Ndimamumvetsa munthu wolankhula mutu uli wotentha, koma mawu amenewo sakuyenda. Fury ndiye anali dzina lalikulu lokoka ndalama usiku umenewo, ndipo mwa majaji atatu mmodzi anamupatsa iye. Mwayi wotsuka dzina anaupeza pa 21 Disembala 2024 mu bwalo lomwelo. Anabwera wolemera kuposa poyamba, masewera oika manja kumbuyo anawasiya, sanagwe, sanawerengeredwe. Majaji onse atatu analemba 116 kwa 112 mokomera Usyk, ndiye kuti maraundi 8 kwa 4. Ine ndinaona ngati inali yoyandikana kuposa pamenepo, koma wopambana sindinamukaikire. Anadandaulanso.

Ngati mtima sunakhazikikebe, chitani izi Lamlungu likubwerali. Khalani ndi alamu, tsitsani mawu a foni mpaka zii kuti wothirira ndemanga ndi anthu a m'bwalo asakuuzeni zoganiza, ndipo aliyense akhale ndi kapepala kake kobisa. Raundi yoyamba, ya 8, ya 9 ndi ya 10 ndi za Usyk. Ya 5, ya 6, ya 7 ndi ya 12 ndi za Fury. Pamenepo musatayepo nthawi. Onerani ya 2, ya 3, ya 4 ndi ya 11, ndipo belu likalira lembani nthawi yomweyo musanayang'anane. Chifukwa cha pointi ya mu raundi ya 9, Fury akufunika atatu mwa anayiwo kuti apambane pa kapepala kanu. Akatenga awiri okha wagonja 114 kwa 113. Metcalfe anamupatsa atatu ndipo sindimutcha wakuba. Ine ndinamupatsa imodzi, ya 4, ndiye kanga kanati 115 kwa 112.

Kaya kanu katuluka bwanji, munabetcherana za dzanja limene lidzakwezedwe, ndipo limene linakwezedwa munaliona nonse. Tambalayo mupite naye wamoyo. Muwauze alamu kuti popeza nawonso analakwa pa za woyimbira, nthutumba ndi yanu.